Mmene Khola Laling'ono la Ng'ombe Lingapindulire Mlimi ku Phalombe

Mawu oyamba

Ndidakulira m'mudzi wina wa m'boma la Phalombe, m'chigwa chimene chimayambira m'munsi mwa phiri la Michesi n'kukathera kunyanja ya Chilwa. Kuyambira ndili sitandade 3, ntchito yanga ndikaweruka kusukulu idali yopita kudambo kukalandira ng'ombe za malume kwa mbusa. Pa nthawi imeneyo m'khola mwathu mudali ng'ombe 14, ndipo m'mudzi monse ankatitchula kuti ndife banja lopeza bwino. Koma m'chaka cha 2023, pamene kudafunika ndalama zoti ndiyambire maphunziro a kuyunivesite, khola lonselo lidalephera kutulutsa ndalama zokwanira popanda kulilowa kwambiri. Kudali mu Novembala, ng'ombe zili nthiti zokhazokha. Wogula wina adabwera, adazungulira khola kawiri, n'kutchula mtengo umene udawakhalitsa pansi malume. Adagulitsa ng'ombe ziwiri pa ndalama imene mu Juni ikadachokera pa imodzi yokha. Mvula itangoyamba, ina yaikazi idatitimira m'matope kudambo, idalephera kudzuka chifukwa chofooka, ndipo idafera pomwepo ili ndi bere.

M'chimangirizo chino ndifotokoza zimene banja lathu lidaphunzira kuchokera nthawi imeneyo. Mfundo yanga ndi yakuti phindu la khola laling'ono limapangika kapena kutayika m'miyezi ya chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, ndipo mlimi amene wakonzekera miyezi imeneyi amapindula ndi ng'ombe zochepa kuposa mnzake amene ali ndi zambiri koma amangodalira dambo. Ndiyamba ndi vuto la malo, kenaka ndifotokoza za chakudya, matenda, kubereka, ntchito zimene ng'ombe imagwira ili moyo, ndi kagulitsidwe kake.

Malo achepa, ng'ombe n'zomwezo

Phalombe idakhala boma palokha m'chaka cha 1998, itapatulidwa ku Mulanje. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'bomali muli anthu oposa 400,000. Malo amene agogo athu ankadyetserako ziweto mwaufulu lero ndi minda ya chimanga, nandolo, mpendadzuwa ndi fodya. Madambo a m'mbali mwa mitsinje ya Phalombe ndi Sombani adasanduka minda ya mpunga ndi madimba. Nthawi ya dzinja mbusa amayenda ndi ng'ombe m'timipata ta pakati pa minda, maso ali tcheru, chifukwa ng'ombe ikangolowa m'munda mwa munthu, mlandu umakathera kwa a mfumu ndipo chindapusa chake chimadya phindu la miyezi ingapo.

Nyengo nayo sikudalirika. Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 madzi ake adachepanso kwambiri. Mu Malichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ndi ziweto. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakwirira minda ndi msipu ndi mchenga komanso miyala, makamaka cha kwa Nkhulambe, ndipo chaka chotsatira, mu 2024, kudagwa ng'amba imene idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi. Choncho mlimi wa ku Phalombe amaweta pakati pa madzi ochuluka ndi madzi osowa, pa malo amene akucheperachepera.

Ngakhale zili choncho, maganizo a ambiri a ife adatsalira pa kuwerenga mitu. Munthu akafunsidwa za chuma chake amayankha kuti ali ndi ng'ombe zakutizakuti, osatchula kuti chaka chatha zidabereka zingati kapena zidalowetsa ndalama zingati. Tiyerekeze alimi awiri. Woyamba ali ndi zazikazi 6 zodya mosakhuta, ndipo iliyonse imabereka kamodzi pa zaka ziwiri. Pa zaka 5 adzaona mathole 15, ndipo ena mwa iwo adzafa chifukwa amayi awo alibe mkaka. Wachiwiri ali ndi zazikazi 4 zokha koma zodya bwino, iliyonse ikubereka pakatha chaka ndi miyezi 3. Pa zaka 5 zomwezo adzaona mathole 16. Wachiwiriyu wagula mankhwala ochepa, wadyetsa pakamwa pochepa, milandu ya m'minda wakumana nayo yochepa, koma wakolola kuposa mnzake. Pamenepa m'pamene pagona nkhani yonse.

Nkhokwe ya ng'ombe

Munthu aliyense kwathu amadziwa kuti chimanga chokolola mu Epulo chiyenera kufika mu Febuluwale, n'chifukwa chake amamanga nkhokwe kapena kuthira mankhwala m'matumba. Chodabwitsa n'chakuti ng'ombe sitiiganizira motero. Timaisiya kuti idzionere yokha, ngati kuti udzu wa mu Okutobala ndi wofanana ndi wa mu Januwale. Udzu ukakhwima n'kuuma uli chiimire, chakudya chomanga thupi chimene chidalimo chimachepa kwambiri, ndipo chotsala ndi mapesi olimba ovuta kugaya. Ng'ombe imatha kudzaza mimba koma thupi likutha. Mnofu umene idapeza m'dzinja imaudya yokha m'chilimwe, ndipo mvula ikabwera imayambiranso pamene idayambira chaka chatha. N'chifukwa chake ng'ombe yachikuda imatenga zaka zambiri kuti ifike pa msinkhu wogulitsa.

Chinthu choyamba chimene tidasintha kwathu ndi kututa mapesi a chimanga tikangomaliza kukolola. Kale tinkawasiya m'munda, ng'ombe za mudzi wonse n'kumadya popondaponda, otsala n'kupsa ndi moto wa anyamata osaka mbewa. Tsopano timawamanga mitolo masamba asanayoyoke, n'kuwasanja pathandala lokwera kuti chiswe chisawafike, pamwamba pake n'kufolera. Podyetsa timawadula timizidutswa ndi chikwanje ndi kuwawaza madzi a mchere pang'ono. Akadulidwa motero ng'ombe imadya ndi tsinde lomwe, pamene akakhala athunthu imangobudula masamba n'kusiya zina zonse.

Mapesi okha sakwanira chifukwa alibe mphamvu yomanga thupi. Mwayi wa Phalombe ndi wakuti mbewu zimene timalima kale zili ndi zotsalira zabwino. Masangwi a mtedza ndi a khobwe, akaumitsidwa pamthunzi masamba asanathothoke, ndi chakudya chapamwamba. Makoko ndi masamba a nandolo amapezeka mu Ogasiti ndi Sepitembala, nthawi yeniyeni imene msipu watha, koma m'midzi yambiri amangotenthedwa pamalo opunthira. Mu 2017, pamene dziko la India lidachepetsa nandolo wogula kunja ndipo mtengo wake udagwa kuno kwathu, alimi ambiri adadandaula kuti mbewuyi yawagwiritsa fuwa la moto. Komabe mlimi woweta amapeza kawiri pa nandolo, chifukwa zimene msika sugula khola limalandira. Chimodzimodzinso zotsalira pofinya mafuta a mpendadzuwa ndi madeya a kuchigayo. Madeya amatsika mtengo nthawi yokolola pamene aliyense akukonola chimanga, ndipo amakwera njala ikayandikira chifukwa anthu nawo amayamba kuwafuna. Wanzeru amagula mu Meyi ndi Juni, amawayanika kuti aume bwino, n'kusunga m'matumba pamalo ouma. Madeya a nkhungu ndi oopsa ku chiweto, choncho akachita chuku ndi bwino kuwataya pamanyowa.

Njira ina ndi kumweta udzu ukadali wobiriwira. Nthawi yabwino ndi pamene wangoyamba kutulutsa ngayaye, cha mu Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo. Timauyanika masiku awiri kapena atatu, kuutembenuza, n'kuusunga pansi pa denga usanayere ndi dzuwa. Udzu wosungidwa bwino umakhalabe wobiriwirako ndipo umanunkhira. Vuto ndi lakuti miyezi imeneyi ntchito za kumunda zimakhala zochuluka, ndiye pamafunika kugawana: kwathu ana a sukulu amamweta Loweruka m'mawa.

Pomaliza pa chakudya pali zobzala. M'mphepete mwa dimba ndi m'migula tidabzala nsenjere, imene imaphukanso ikadulidwa ndiponso imagwira nthaka madzi akasefukira. M'malire a munda tidabzala mitengo ya lukina ndi gliricidia. Masamba ake amakhala obiriwira ngakhale m'chilimwe ndipo amamanga thupi. Alangizi amachenjeza kuti lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha tsiku, chifukwa akachuluka amadwalitsa ng'ombe mpaka kuthothoka ubweya. Masamba a gliricidia ng'ombe imayamba yawakana chifukwa cha fungo, koma akafota tsiku limodzi imazolowera.

Chakudya chosungachi sichingakwanire khola lonse, ndipo sichiyenera kugawidwa mofanana. Zoyamba kudya ndi zazikazi zimene zili ndi bere lalikulu ndi zoyamwitsa, kenaka ng'ombe za pangolo mwezi umodzi kapena iwiri ntchito yolima isanayambe, kenaka mathole ongosiya kuyamwa. Zina zonse zikhoza kupirira ndi dambo. Mlimi akaona kuti thandala lake silifika mu Disembala, yankho lake ndi kugulitsako ng'ombe nthawi ikadalipo, osati kudikira kuti njala imusankhire yoti ife.

Madzi asaiwalike. Ng'ombe yaikulu imamwa ndowa ziwiri za malita 20 kapena kuposerapo pa tsiku lotentha, ndipo yoyamwitsa imafuna ochuluka. Ikamwa kamodzi kokha pa tsiku, itayenda mtunda wautali, imadyanso pang'ono chifukwa chakudya chouma sichitsika popanda madzi.

Adani a m'dambo

Dambo limene limadyetsa ng'ombe ndi lomwenso limazidwalitsa. M'malo a chinyontho a kufupi ndi Chilwa muli tinkhono ting'onoting'ono timene timasunga nyongolotsi za m'chiwindi. Ng'ombe imazimeza pamodzi ndi udzu wa m'mbali mwa madzi. Sizipha msanga, koma ng'ombe imaonda ngakhale ikudya, imatupa pansi pa chibwano, ndipo ikaphedwa chiwindi chake chimapezeka cholimba ndi choonongeka moti woyeza nyama amachitaya. Si mankhwala onse a njoka za m'mimba amene amapha nyongolotsi zimenezi, choncho ndi bwino kufunsa mlangizi wa ziweto kuti atchule oyenera ndi nthawi yomwetsera. Kudyetsa ng'ombe ya nyongolotsi kuli ngati kuthira madzi mumtsuko wobooka.

Mdani wachiwiri ndi nkhupakupa. Zimayamwa magazi, zimaboola chikopa, zimaononga mawere, ndiponso zimafalitsa matenda amene amapha ng'ombe m'masiku ochepa, monga aja okodzetsa magazi. Akuluakulu amakumbukira nthawi imene ng'ombe zonse zinkapita kudipi ya boma mwalamulo. Madipi ambiri a nthawi imeneyo adaleka kugwira ntchito, ndipo udindo udatsalira mlimi mwini. Ife tidagwirizana mabanja 5 kugula sipuleya imodzi ndi kusonkherana ndalama za mankhwala. M'dzinja, pamene nkhupakupa zimaswana kwambiri, timapopera pafupipafupi motsatira malangizo a pabotolo, ndipo m'chilimwe timatalikitsako. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kuchulukitsa madzi kuti botolo likhalitse. Mankhwala osukuluka sapha nkhupakupa zonse, ndipo zotsalazo zimabereka zinzake zosamva mankhwala. Popopera tisaiwale m'makutu, pansi pa mchira ndi m'mphechepeche, poti m'mene zimabisala.

Khola lenilenilo nalonso ndi nkhani. M'dzinja makola ambiri kwathu amasanduka thope lofika m'mawondo, ng'ombe n'kumagona chiimire usiku wonse. Zotsatira zake ndi zilonda za m'mapazi, matenda a mawere ndi kutsekula m'mimba kwa mathole. Tidasamutsa khola lathu kupita pamalo okwera, tidafolera mbali imodzi, n'kumanga kachipinda kouma ka mathole. Phunziro la Freddy lidali lomwelo: makola a m'zigwa ndiwo adayamba kukokoloka.

Thole chaka ndi chaka

Ng'ombe yaikazi imakhala ndi bere miyezi 9, ndipo ikakhala yopanda bere imafuna nkhunzi pafupifupi masiku 21 aliwonse. Ikabereka ili ndi thupi labwino imatha kutenganso bere pakapita miyezi itatu kapena inayi. Ikabereka ili yoonda, thupi lake limayamba ladzimanga lokha, ndipo pamatha chaka chathunthu isanafunenso nkhunzi. Apa tikuona kuti kubereka pafupipafupi kumachokera pathandala la chakudya lija.

Thole likabadwa liyenera kuyamwa mkaka woyamba, wachikasu uja, m'maola oyambirira, chifukwa ndiwo umaliteteza ku matenda. Pakhomo pamene pakusowa ndiwo, chiyeso chimakhala chokama mkaka wonse n'kulisiyira thole madontho. Kutero ndi kudya mbewu. Kapu ya mkaka wa lero singafanane ndi ng'ombe ya pangolo ya zaka zitatu zikubwerazo.

Vuto lina limene sitinkaliona ndi la nkhunzi. Malume adasunga nkhunzi imodzi zaka zambiri chifukwa idali yokongola ndi yomvera, mpaka idayamba kukwera ana ake omwe. Mathole ake ankabadwa ang'onoang'ono ndi ofooka. Nkhunzi iyenera kusinthidwa ana ake aakazi asanakule, ndipo njira yosalira ndalama ndi kusinthana ndi mlimi wa mudzi wina wakutali. Tiamuna tosafunika kubereketsa tifulidwe tikadali tating'ono, kuti tikule mofatsa ndi kudzagwira ntchito kapena kunenepa. Yaikazi imene yatha zaka ziwiri osatenga bere pamene zinzake zodya chimodzimodzi zikubereka, kapena imene mano ake aperepeseka, ikungodya chakudya cha zinzake ndipo iyenera kugulitsidwa.

Ng'ombe imalipira ikadali moyo

Anthu ambiri amaona ndalama ya ng'ombe pa tsiku logulitsa lokha. Koma pakhola laling'ono ndalama yodalirika imachokera ku zimene ng'ombe imachita tsiku ndi tsiku. Ng'ombe ziwiri zofulidwa ndi ngolo ndi bizinesi ya chaka chonse m'chigwa chathyathyathya ngati chathu. Nthawi yokolola zimatuta chimanga ndi mpunga, m'chilimwe zimanyamula njerwa, mchenga ndi nkhuni, ndipo pa tsiku la msika ku Migowi kapena ku Chiringa zimanyamula matumba a anthu amalonda. Kumene misewu imaduka m'dzinja, ngolo imadutsa pamene galimoto yakanika. Chofunika ndi kuzigwiritsa ntchito m'mawa ndi madzulo, kuzipumitsa dzuwa likakwera, kusalaza goli kuti lisatupitse khosi, ndi kupatula gawo la ndalama za aganyu kuti likhale la matayala, mankhwala ndi madeya. Ngolo zambiri zimaima chifukwa mwini wake adadya zonse osasiyako ya tayala.

Chachiwiri ndi manyowa. Kuyambira 2005 alimi ambiri adazolowera kudikira fetereza wa makuponi, koma si onse ankalandira, ndipo mtengo wa fetereza wa m'sitolo udakwera kwambiri kuyambira 2021, kenaka kwacha idagwa mphamvu mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023. Ndowe zimene zimangouma pabwalo kapena kukokoloka ndi mvula ndi ndalama yotayika. Timayala zotsalira za mapesi ndi udzu m'khola kuti zimwe mkodzo, umene uli ndi chonde chambiri, ndipo pakapita nthawi timakokolola zonse n'kuunjika pamthunzi, kuphimba, kuti ziole. Manyowa amenewa ndiwo amabweza kumunda chonde chimene tidachotsa potuta mapesi. Mlimi amene amatuta mapesi koma osabweza manyowa akusaukitsa munda wake. Otsala amagulidwa ndi eni madimba a tomato ndi masamba.

Chachitatu ndi mkaka. Ng'ombe yachikuda imatulutsa wochepa, wongokwanira thole ndi tiyi kapena chambiko cha pakhomo. Ena amatilimbikitsa kuti tigule ng'ombe za mkaka zosakaniza ndi mtundu wa Friesian, monga amachitira alimi a ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje amene ali m'magulu a bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association. Kumeneko ulimiwu umayenda chifukwa pali malo oziziritsira mkaka kumene makampani amadzagula, monga ku Bvumbwe. Ng'ombe yotereyi imafuna chakudya chobiriwira ndi madzi ambiri tsiku lililonse, sipirira kutentha ndi nkhupakupa ngati yachikuda, ndipo mkaka ukakamidwa suchedwa kusasa. Mlimi asanaigule ayankhe mafunso awiri: kodi nsenjere yodyetsa chaka chonse ali nayo, nanga mkakawo akaugulitsa kuti usanaonongeke? Ngati yankho palibe, ndi bwino kuyamba wakonza zachikuda zimene ali nazo. Walira mvula walira matope.

Kugulitsa mwakufuna, osati mokakamizika

Pa zonse zimene zidatichitikira mu 2023, chimene chidatipweteka kwambiri ndi nthawi yogulitsira. Wogula amadziwa kuwerenga nkhope. Akaona kuti pakhomo pali matenda, maliro kapena kalata ya fizi, amadziwa kuti mwini ng'ombe sangakane. Kuonjezera apo, miyezi imene mabanja ambiri amapanikizika, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, ndi imenenso ng'ombe zimakhala zoonda ndipo ogulitsa amachuluka.

Ng'ombe zodya kudambo zimakhala zonenepa kuyambira Epulo mpaka Julayi. Nthawi imeneyi anthu ali ndi ndalama za zokolola, maukwati ndi zinamwali zayandikira, ndipo mabutchala akufuna nyama. Fizi ya mwana si ngozi yogwa mwadzidzidzi, imadziwika miyezi yambiri isanafike. Choncho ng'ombe ya fizi igulitsidwe mu Juni, ndalama yake isungidwe kubanki kapena kubanki mkhonde. Ena amaopa kuti ndalama ikakhala m'manja imatha, ndiponso kuti kwacha imagwa mphamvu pamene ng'ombe sigwa. Mantha amenewa ndi omveka. Koma ng'ombe nayo imagwa, imagwa thupi, ndipo nthawi zina imagweratu osadzukanso. Kusunga ndalama miyezi inayi kapena isanu n'kosiyana ndi kuisunga zaka. Gawo lina likhoza kugulidwa madeya kapena mbuzi, zimene zimagulitsika msanga pakagwa vuto laling'ono, kuti ng'ombe isaphedwere vuto la mbuzi.

Pali njira inanso yopezera mtengo wabwino, yonenepetsa ng'ombe m'khola. Si yachilendo m'dziko muno. Nthawi ya ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda alimi ang'onoang'ono ankatsekera ng'ombe ziwiriziwiri m'khola, kuzidyetsa mapesi, masangwi a mtedza ndi madeya, n'kuzigulitsa ku Cold Storage. Msika umenewo udasintha, koma nzeru yake ikadalipo. Ng'ombe yofulidwa imene yamwetsedwa mankhwala a nyongolotsi ndi kudyetsedwa m'khola miyezi itatu kapena inayi imafika mu Disembala ili yonenepa pamene zina zonse zili zoonda, nthawi imene nyama ya Khirisimasi ndi chaka chatsopano ikufunika. Koma mlimi awerengere kaye mtengo wa madeya, chifukwa chaka cha njala akhoza kudya phindu lonse.

Pokambirana mtengo, mlimi asadalire maso a wogula. Pali tepi yoyezera kuzungulira chifuwa cha ng'ombe, kumbuyo kwa miyendo yakutsogolo, imene imapereka chithunzi cha makilogalamu ake, ndipo alangizi a ziweto amadziwa kagwiritsidwe ntchito kake. Munthu wodziwa kulemera kwa ng'ombe yake ndi mtengo wa nyama pamsika amatsatsa molimba mtima. Ndi bwino kuitana ogula awiri kapena atatu, kapena kugulitsa pamodzi ndi alimi ena kuti wogula wa ku Blantyre kapena ku Zomba aone chifukwa chobweretsera galimoto. Zikalata za a mfumu ndi za alangizi a ziweto zololeza kusamutsa ng'ombe zikhale zokonzeka, poti m'dera la m'malire ndi Mozambique ngati lathu nkhani ya kuba ng'ombe ndi yosaseweretsa, ndipo ng'ombe yopanda umboni wogula amaitsitsa mtengo.

Kope ndi mbumba

Zonse ndafotokozazi sizingaoneke ngati zikupindula popanda kulemba. Tidagula kope wamba la ana a sukulu. Ng'ombe iliyonse ili ndi tsamba lake: dzina, tsiku lobadwa, mayi wake, tsiku lokweredwa, tsiku lobereka ndi mankhwala amene yalandira. Kumapeto kwa kope timalemba ndalama zolowa ndi zotuluka, kuphatikizapo malipiro a mbusa ndi chindapusa cha m'minda. Kope limeneli ndilo lidaulula kuti yaikazi imene malume ankaikonda koposa idali itatha zaka zitatu osabereka.

Kuigulitsa sikudali kophweka. Kwathu, monga m'mabanja ambiri a Alomwe, chuma chosiyidwa ndi makolo ndi cha mbumba. Malume ndi osunga chabe, ndipo ng'ombe singatuluke m'khola alongo awo asanamve. Tsiku limene tidakhala pansi, amayi aang'ono adati kuchepetsa ng'ombe ndi kuchotsa ulemu wa banja. Malume adanditembenukira n'kunena kuti, "Mphwanga, sukulu yakoyo ikuti tigulitse ng'ombe za agogo ako?" Ndidayankha kuti, "Ayi malume, ine ndikungopempha kuti muone m'kopemu zimene yadya ndi zimene yabweza." Adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adapempha amayi kuti awawerengere tsambalo mokweza. Mawa lake adatuma mwana kukaitana ogula. Ndidaphunzirapo kuti pakhola la mbumba, kusintha kumayenda pokhapokha aliyense waona manambala ndi maso ake ndipo wadziwa kumene ndalama ipite. Mutu umodzi susenza denga.

Mawu omaliza

M'chimangirizo chino ndaonetsa kuti ku Phalombe, kumene malo odyetsera achepa ndipo nyengo ndi yosadalirika, phindu la khola laling'ono limadalira kusunga chakudya cha chilimwe, kuteteza ng'ombe ku nyongolotsi ndi nkhupakupa, kuonetsetsa kuti zazikazi zikubereka pafupipafupi, kugwiritsa ntchito ngolo ndi manyowa, ndi kugulitsa pa nthawi imene mlimi wasankha yekha. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimafuna ngongole yaikulu. Zambiri zimafuna chikwanje, thandala, kope ndi kugwirizana.

Lero m'khola mwathu muli ng'ombe 9. Odutsa m'njira amati banja lathu latsika. Koma m'chilimwe cha 2024, chaka cha ng'amba, sitidataye ng'ombe ngakhale imodzi, ndipo fizi yanga ya chaka chimenecho idachokera pa ng'ombe imodzi yogulitsidwa mu Juni pamodzi ndi ndalama za ngolo. Nditapita kutchuthi ndidapeza malume akukulitsa thandala la mapesi, akudandaula kuti la chaka chatha lidatha mvula isanagwe bwino, ndipo adandiuza kuti ndikadzabweranso ndidzawagulire kope lina chifukwa loyamba lija latsala masamba awiri.